Sikelo itsatire ana kumsasa

Aliyense amene anagonapo m'kalasi pa nthawi ya namondwe wa Freddy amalidziwa phokoso la usiku wa kumsasa. Mvula ikaleka kugogoda pa malata, akuluakulu akatopa ndi kufotokozerana za abale amene sanapezeke, chimene chimatsala ndi chifuwa cha ana. Wina akatsokomola pakona la kubolodi, mnzake amayankha kuchitseko, kenako kakhanda kamene kagona pa chitenje pambali pako kamayamba kulira ndi mawu osasa. Ine ndinagona m'kalasi yotero mu Malichi 2023. Nyumba yanga sinagwe, koma ya mng'ono wanga, m'munsi mwa phiri la Soche, inapita ndi matope, ndipo iye anapulumuka ndi chitenje chimodzi ndi mwana wa milungu inayi kumsana. Kwathu kunali kutadzaza kale ndi achibale ena, choncho ndinkapita kukagona naye kusukuluko kuti tizilandirana mwanayo. M'chipinda chimene masiku onse mumaphunzira ana a sitandade 3 munali mabanja ochuluka moti potuluka usiku umayenda mopapasa kuti usaponde mutu wa munthu. Mawindo tinatseka ndi mapepala apulasitiki ndi zitenje chifukwa cha mphepo. Mpweya umene ankatulutsa mmodzi ndi umene tonse tinkapuma.

Thandizo linabwera, ndipo sindidzaleka kuthokoza. Kunabwera ufa, nyemba, soya, mabulangete, zidebe ndi kaunjika. Anabweretsa ndi a mipingo, Asilamu, amalonda a ku Limbe, achinyamata amene anasonkherana pa WhatsApp, ngakhale amayi a m'makomo oyandikana amene anangophika phala n'kulisenza pamutu. Alangizi a zaumoyo ankafika ndi kolorini n'kumatikumbutsa za kusamba m'manja, ndipo anali ndi chifukwa chomveka: kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anali asanathe, ndipo anali atapha kale anthu ambiri kuposa kolera wina aliyense m'mbiri ya dziko lino. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matenda omwewo. Maso a aliyense anali pa madzi ndi pa zimbudzi. Za chifuwa cha ana tinkangouzana kuti n'chimfine cha mvula, chitha chokha.

Ndikulemba kuti ndinene chinthu chimodzi chimene ndakhala nacho kukhosi kuyambira nthawi imeneyo. Ngozi ikagwa, sikelo isamakhale pachipatala kudikira kuti amayi aipeze. Inyamule katundu wake, iwatsatire ana kumsasa m'masiku oyambirira enieniwo, ndipo m'bokosi loyamba kufika mukhale katemera wa chibayo.

Kachirombo kamene katemerayu amalimbana nako achipatala amakatchula kuti pneumococcus, dzina lake lonse Streptococcus pneumoniae. Si mlendo wochokera kutali ngati kolera amene amabwera ndi madzi oipa. Amakhala m'mphuno ndi kukhosi kwa ana ambiri athanzi, mwana n'kumasewera bwinobwino osadziwa kuti wanyamula kanthu. Amachoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo kudzera m'kutsokomola, m'kuyetsemula ndi m'mamina, ndipo tonse tikudziwa mmene mamina amayendera pakati pa ana: pa dzanja, pa kapu, pa nsonga ya chitenje chimene mayi wapukutira mwana wake n'kupukutiranso wa mnzake. Thupi likafooka, kachiromboka kamatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Nthawi zina kamalowa m'magazi, nthawi zina kamakwera ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi, amene akapanda kupha mwana angathe kumusiya wosamva kapena wolumala moyo wake wonse. Mafinya otuluka m'khutu amene timawaona ngati nkhani wamba nawonso kawirikawiri amachokera kwa iko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 mokha chibayo chinapha ana osakwana zaka zisanu oposa 700,000 padziko lapansi, ndipo mwa mabakiteriya amene amayambitsa chibayo mwa ana, pneumococcus ndiye ali patsogolo.

Dziko lathu silinagone pa nkhaniyi. Mu Novembala 2011 Malawi inayamba kupereka katemera wa PCV13 kwa makanda ndi thandizo la Gavi, bungwe lothandiza mayiko kupeza katemera, ndipo inali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Nambala 13 ikutanthauza mitundu 13 ya kachiromboka imene katemerayu amateteza, mwa mitundu yoposa 90 imene ilipo. Ndondomeko imene tinayamba nayo ndi ya maulendo atatu: mwana akakwanitsa milungu 6, milungu 10, ndi milungu 14. Amabaya pa ntchafu, tsiku lomwelo limene mwana amalandira katemera wina uja wa matenda asanu ndi madontho a poliyo. Amayi ambiri sadziwa n'komwe kuti imodzi mwa majakisoni amene amaliritsa mwana tsiku la sikelo ndi ya chibayo. Amangoti, "Lero amubaya miyendo yonse iwiri."

Taonani tsono masiku amenewo: milungu 6, 10 ndi 14. Ndi miyezi iwiri yokha kuchokera pa jakisoni woyamba kufika pa womaliza, ndipo imagwa pa msinkhu umene mwana amakhala wosalimba kwambiri. Namondwe akasokoneza moyo wa banja kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndiye kuti wameza nthawi yonse ya katemera wa khanda lobadwa kumene. Freddy anachotsa m'nyumba zawo anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kumwera. Ganizirani nokha kuti mwa anthu amenewo munali makanda angati amene tsiku lawo la sikelo linafika ali pa simenti ya m'kalasi, mlatho wopita kuchipatala utaduka, mayi ali pamzere wa ufa kapena ali ku chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) kukazindikira mtembo wa mbale wake.

Ndipo msasa umamupatsa pneumococcus zonse zimene amafuna. Anthu athithikana, mawindo atsekedwa. Ana anyowa, agona pansi pozizira. Chakudya chachepa, ndipo mayi amene akudya kamodzi patsiku, mtima uli m'mwamba, amavutika kuyamwitsa monga ankachitira kunyumba. Kuphika kumachitikira pakhonde la kalasi ndi nkhuni zonyowa, utsi wonse n'kumalowa mmene mwagona ana, pamene utsi ndi mdani wodziwika wa mapapo a khanda. Chimfine chikangolowa m'chipinda chotero chimayenda ngati moto wa m'tchire, ndipo chimfine ndi chimene chimatsegulira chibayo khomo. Onjezani ana amene ali ndi HIV kapena obadwa kwa amayi amene ali nayo, ndi ana onyentchera amene ali pa chiponde. Amenewa ndi amene amayamba kugwa. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata.

Pali chinanso chimene ife a ku Blantyre timachidziwa popanda kuwerenga buku. Madzi amabwera pakati pa Januwale ndi Malichi: kusefukira kwa 2015 kunali mu Januwale, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, wa Gombe mu Malichi chaka chomwecho, wa Freddy mu Malichi 2023. Kenako, anthu asanamange n'komwe, chisanu chimalowa. Juni ndi Julayi amabwera ndi chiperoni, kamvula kaja kowaza ndi nkhungu imene imaphimba Ndirande ndi Michiru masiku angapo osaona dzuwa. Banja limene linataya nyumba mu Malichi limakhala likugona mu tenti kapena m'kachisakasa ka mapepala mu Juni. Makamera amakhala atapita, magalimoto a thandizo atachepa, koma kwa mapapo a mwana ngozi imakhala ikungoyamba kumene. Katemera woperekedwa kumsasa mu Malichi ndi bulangete la mu Juni.

Mwana wa mng'ono wanga, amene kwa ine ndi mwana wanga ndithu popeza ndine mayi ake aakulu, anakwanitsa milungu 6 kumapeto kwa Malichi. Kabuku kake ka kusikelo kanali katapita ndi matope pamodzi ndi zonse. Mu Epulo mayi ake anamubereka n'kuyenda wapansi kupita kuchipatala china. Atafika anafunsidwa kabuku. Atafotokoza, anauzidwa kuti, "Mayi, pitani mukagule kabuku kena, mubwere tsiku la sikelo." Munthu amene anamuuza zimenezo sindimusungira chakukhosi. Anali ndi mzere wautali kumbuyo kwake, ndipo ankatsatira zimene amachita masiku onse. Koma mng'ono wanga analibe ngakhale ya mchere, ndipo tsiku la sikelo litafika kumsasa kunali kulembetsa mayina a olandira thandizo, zimene munthu sangaphonye. Sukulu zitayenera kutsegulidwa, anasamuka kupita kwa apongozi ake kudera lina la mzinda, kumene mlangizi wa kumeneko sankamudziwa. Mlungu unapita, wina unabwera. Ine ndemwe ndinkangoti, "Tipita naye sabata yamawa." Mu Juni, usiku wina wa chiperoni, mwanayo anayamba kupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, bere akulikana. Tinamuthamangitsira kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo anagonekedwa masiku angapo ali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno. Anachira, Mulungu alemekezeke. Koma usiku umene ndinakhala pambali pa bedi lake ndikuwerenga mapumidwe ake sindiufunira mayi wina aliyense.

Chibayo chili ndi zoyambitsa zingapo, ena ndi mavairasi amene katemerayu sawakhudza, ndipo sindikunena kuti jakisoni mmodzi amatseka zitseko zonse. Ndikunena kuti chitseko chachikulu chimene tikanatha kutseka tinachisiya chotsegula kwa miyezi itatu, pamene loko wake anali m'firiji ya chipatala cha mumzinda womwewu.

Ndakambapo nkhaniyi ndi anthu amene amagwira ntchito zachipatala, ndipo zimene amayankha n'zoyenera kuzimva bwino. Choyamba amati ngozi ikagwa sungachite zonse nthawi imodzi. Pali ovulala, pali mitembo, pali kolera, pali njala. Namwino ndi mmodzi yemweyo, galimoto ndi imodzi yomweyo, mafuta ndi ochepa. N'zoona, ndipo tsiku loyamba ndi lachiwiri palibe munthu wanzeru amene angasiye mwana wothyoka mwendo kuti akabaye katemera. Koma anthu sakhala kumsasa masiku awiri. Amakhalako milungu, ena miyezi. Mlangizi amene akubwera ndi kolorini Lachiwiri angathe kubwera ndi bokosi la katemera Lachinayi. Komanso tiyeni tinene mosabisa chifukwa chimene kolera amapezera galimoto msanga: amapha mooneka, akuluakulu ndi ana omwe, ambiri nthawi imodzi, ndipo manambala ake amalengezedwa pa wailesi tsiku ndi tsiku. Chibayo chimatenga khanda limodzi kuno, lina uko, usiku, mwakachetechete, ndipo maliro a khanda amathera m'mawa womwewo ndi amayi ochepa. Palibe amene amaliwerengera kuti ndi la namondwe.

Chachiwiri amati ana ambiri a ku Malawi anabayidwa kale, ndiye chitetezo cha gulu chidzaphimba ochepa amene aphonya. Apa ndi pamene kafukufuku wa kwathu konkuno amatichenjeza. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome, amene amagwira ntchito pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, anatsatira ana a mu Blantyre kwa zaka zingapo katemerayu atayamba, akumatenga zoyeza m'mphuno mwawo. Anapeza kuti ngakhale katemera anafikira ana ambiri, mitundu ya pneumococcus imene katemerayu amalimbana nayo inali ikupezekabe m'mphuno mwa ana ochuluka kuposa mmene zinakhalira m'mayiko olemera. Tanthauzo lake n'lakuti katemera amamuteteza mwana amene wabayidwa kuti asadwale matenda aakulu, koma kachiromboka sikanachoke m'makwalala athu. N'chifukwa chake kuyambira 2021 zipatala zina za m'boma la Blantyre zinayamba kuyesa ndondomeko ina, yopereka majakisoni awiri oyamba kenako wachitatu mwana akafika miyezi 9, kuti aone ngati chitetezo chingakhalitse. Ngati zili choncho ku Ndirande ndi ku Bangwe pa masiku abwinobwino, aliyense akugona m'nyumba yake, nanga m'kalasi mmene mwagona mabanja makumi angapo? Khanda losabayidwa silingadalire chitetezo cha anzake m'chipinda chotero.

Chachitatu amati katemera sagwira ntchito tsiku lomwelo. Thupi limafuna milungu ingapo kuti lipange chitetezo, ndipo khanda limafunika kubayidwa kangapo. Kwa ine mfundo imeneyi ikutiuza kuti tifulumire, osati tisiye. Mlimi sanena kuti popeza chimanga chimatenga miyezi kuti chiche ndiye ndidikire kaye. Jakisoni woyamba akaperekedwa kumapeto kwa Malichi, wachiwiri amagwa kumapeto kwa Epulo, wachitatu mu Meyi, chisanu chikamalowa mwana ali wokonzeka. Akachedwa mwezi umodzi, zonse zimasunthira m'kati mwa chisanu.

Ndiye pali nkhani ya kabuku. Ine ndimakalemekeza kabuku ka kusikelo. Ndi mmene muli mbiri ya mwana, ndipo namwino amene amakafunsa amakhala akusamala. Koma kabuku ndi pepala, ndipo madzi osefukira amayamba ndi mapepala. Kufunsa mayi wa kumsasa kabuku kuli ngati kumufunsa makiyi a nyumba imene inagwa. Njira zina zilipo. Mayi angathe kufunsidwa kuti mwana anabayidwa kangati pa ntchafu, ndipo ambiri amakumbukira bwino. Kaundula wa kuchipatala kapena wa mlangizi wa m'deralo angathe kuonedwa ngati anapulumuka. Malangizo a WHO amanena momveka kuti mwana amene anadukiza katemera sayambiranso poyamba, amangopitiriza pamene analekezera. Ndipo pamene palibe umboni uliwonse, kumubaya mwana jakisoni wowonjezera mmodzi kuli ndi vuto lochepa kwambiri poyerekeza ndi kumubweza wosatetezedwa: mwina thupi litenthe tsiku limodzi kapena awiri, mwina pobayidwapo patupe pang'ono. Chimene ndingapemphe n'chakuti gulu la sikelo lopita kumsasa lizinyamula timabuku tatsopano n'kumapereka ulere pomwepo. Mabungwe amene amagula mabulangete zikwizikwi sangalephere kusindikiza timabuku.

Za ndalama ndinena mwachidule. Katemera wa makanda amakhala atagulidwa kale, chifukwa ana amenewa anali kale m'chiwerengero cha chaka chimenecho, namondwe asanabwere. Chimene chimasowa ndi mafuta a galimoto, madzi oundana a m'bokosi, ndi kangachepe ka wogwira ntchito. Kwa ana okulirapo amene angafune wowonjezera, mayiko ngati lathu amagula katemerayu pa mtengo wa madola atatu kapena kucheperapo pa jakisoni mmodzi, ndipo kuyambira 2017 pali mgwirizano wa WHO, UNICEF, Médecins Sans Frontières ndi Save the Children wothandiza kuti katemera ameneyu azipezeka pa mtengo wotsika pa nthawi ya ngozi. Yerekezani ndi mtengo wa mwana mmodzi wogonekedwa pa mpweya masiku asanu, bedi limene agonapo awiri kapena atatu, ndi mayi amene wasiya ana ena kumsasa opanda wowayang'anira.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo. WHO inalemba kale mu 2019 kuti pa nthawi ya ngozi ana osakwana chaka chimodzi azilandira katemera wa chibayo molingana ndi msinkhu wawo, ndipo kuti kuganiziridwenso zobaya ana onse osakwana zaka zisanu. Mwana wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo amene sanabayidwepo amangofunika jakisoni mmodzi. Ndiponso ife eni ake tinaonetsa kuti timatha. Mu Meyi 2023, miyezi iwiri yokha Freddy atadutsa, misewu ina isanakonzedwe, dziko lino linachita kampeni yaikulu ya katemera wa typhoid, chikuku ndi poliyo pamodzi ndi vitamini A, ndipo alangizi anafika m'masukulu, m'misika ndi m'makomo. Katemera wa typhoid ameneyo anayesedwa koyamba kuno pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Mwana wathu uja anamupeza kwa agogo ake n'kumudonthezera wa poliyo m'kamwa. Dzanja la boma linafika pa mwanayo mwezi umodzi asanadwale. Likanangofunsa kuti, "Kodi pa ntchafu anabayidwa?" n'kukhala ndi kabotolo ka chibayo m'bokosi lomwelo, bwenzi ulendo umodzi utagwira ntchito ziwiri.

Vuto lenileni limene ndimalivomereza ndi la kuzizira. Katemerayu amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akaundana amawonongeka. Namondwe amayamba ndi kuthimitsa magetsi; tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana anawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 ndi mdima umene unatsatira. Koma ili ndi vuto loti likonzedwe mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, osati mu Malichi madzi ali m'khosi. Sukulu ndi matchalitchi amene amasanduka misasa timawadziwa, chifukwa ndi omwewo chaka ndi chaka. Zipatala zimene zili ndi mafiriji a sola zikudziwika. Unduna wa Zaumoyo, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre angathe kukhala pansi mvula isanayambe n'kulemba kuti msasa uwu ukatsegulidwa, bokosi la katemera lidzachokera ku firiji iti, adzalinyamula ndani, ndipo lidzafika pasanathe masiku angati. Polembetsa mayina kumsasa timafunsa kuti banja lili ndi anthu angati kuti tidziwe kukula kwa thumba la ufa. Pa pepala lomwelo pakhale mzere wofunsa kuti makanda alipo angati, anabadwa liti, anabayidwa komaliza liti. Ndipo banja likamachoka pamsasa, lichoke ndi tsiku lolembedwa la jakisoni wotsatira ndi dzina la chipatala cha kumene likupita.

Kwa amayi anzanga, ndi abambo omwe, chifukwa kunyamula mwana kupita kusikelo si ntchito ya akazi okha, ndili ndi mawu awa. Ndikudziwa kuti kuyambira nthawi ya Covid-19 mphekesera za katemera zinachuluka, ndipo kumsasa, kumene anthu ali ndi mantha komanso alibe chochita tsiku lonse, mphekesera zimabereka msanga. Ndinamva ndi makutu anga mayi wina akuuza anzake kuti jakisoni wobwera ndi galimoto ya alendo ndi wosiyana ndi wa kuchipatala. N'chifukwa chake ndimafuna kuti wobaya akhale mlangizi yemwe uja wa yunifolomu ya buluu amene amayi amamudziwa, ataima pambali pake amfumu a m'deralo, abusa kapena shehe. Katemera wa chibayo si watsopano. Mwana aliyense wa sekondale lero amene anabadwa kuyambira kumapeto kwa 2011 n'kupita kusikelo anabayidwa yemweyu. Kabuku kakatayika, musachite manyazi ndipo musatope. Nenani kuti ndinu a kumsasa, nenani tsiku limene mwana anabadwa, ndipo mukabwezedwa pemphani kuonana ndi wamkulu wa pamalopo. Amene muli ndi foni ya kamera, jambulani lero tsamba la katemera n'kutumizira mbale wanu wokhala kutali ndi phiri kapena mtsinje.

Ndipo phunzirani kuwerenga mapumidwe a mwana, chifukwa ngakhale wobayidwa angathe kudwala. Mwana akhale phee, osati akulira, muvundukule pachifuwa, muwerenge kwa mphindi imodzi yathunthu. Wosakwana miyezi iwiri akafika 60, wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika 40, ameneyo akupuma mofulumira ndipo akufunika kuonedwa tsiku lomwelo. Nthiti zikamalowa m'kati popuma, akamakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena akalefuka moti sakudzuka bwino, musadikire kuti kuche. Chibayo chikapezeka msanga chimamva mankhwala a amoxicillin, amene alangizi ambiri a m'zipatala za m'midzi amakhala nawo, ndipo nawonso ayenera kukhala m'bokosi lopita kumsasa. Kugula mapiritsi awiri pa golosale n'kumugawira mwana sikuchiza, kumangopatsa kachiromboka mpata wozolowera mankhwala.

Mwana wathu atatuluka m'chipatala, namwino wina wachikulire anamufunsa mng'ono wanga za katemera. Atamva nkhani yonse sanamukalipire. Anatulutsa kabuku katsopano m'kabati yake, n'kulemba dzina la mwana ndi tsiku lobadwa monga mayi ake ananenera, n'kunena kuti, "Mwana wanga, akangopeza mphamvu ubwere naye, ukafike kwa ine." Anabayidwa koyamba mu Julayi ali ndi miyezi isanu, kachiwiri mu Ogasiti, kachitatu mu Seputembala. Kabukuko tsopano kamasungidwa m'pepala la shuga, m'kachikwama kamene kamapachikidwa pa msomali pafupi ndi chitseko, kuti mvula ikadzalimbanso usiku kadzakhale koyamba kunyamulidwa. Banjali linabwerera m'munsi mwa Soche, pa malo omwe aja, chifukwa kwina kulibe, ndipo mng'ono wanga ali ndi pakati pena. Akuyembekezera mu Febuluwale.